Anandiimitsira EI ati sindili okonzeka kugwira ntchito, ndinachita apilo

Abale anga amene muli kuno ku Canada, nkhani iyi ndakhala ndikufuna kuilemba kalekale koma mtima unali usanakhazikike.

Ntchito yanga ya mu weyahausi itatha ndinalembetsa EI (Employment Insurance), ndalama zija boma limakupatsa ntchito ikakuthera, 55 peresenti ya zomwe unkalandira koma osapitirira malire ena ake, ndiye poti ndimangokhala ndinayamba kakosi ka ku koleji m'mawa masiku atatu pa sabata. Tsiku lina a ku EI anandiimbira foni kundifunsa kuti ntchito itapezeka mawa mungasiye sukulu? Ine osaganiza ndinangoti aaa ndimalize kaye temu ino. Basi mau amenewo. Kalata inabwera yoti sindili "available", kutanthauza okonzeka kugwira ntchito, ndalama aimitsa komanso zina zomwe ndinadya kale ndibweze. Usiku umenewo tulo sindinatione, lendi inali pakhomo.

Chomwe sindinkadziwa n'choti lamulo lawo, gawo 18 la Employment Insurance Act, limafuna iweyo uonetse umboni kuti tsiku lililonse la ntchito unali okonzeka, zoti mumtima umafuna ntchito sizikwanira ayi. Amayang'ana zinthu zitatu zochokera pa mlandu wina wakale wa kukhoti wotchedwa Faucher: ukufunadi kubwerera kuntchito msanga, ukuisakadi, ndipo sunadziikire malire okulepheretsa kuipeza. Chachitatuchi ndi chomwe chimagwetsa anthu ambiri, kaya ndi sukulu, kaya kusowa okusungira mwana, kaya kunena kuti ine mashifiti ausiku toto. Ndipo wa sukulu ya tsiku lonse amayamba amuganizira kale kuti sangagwire ntchito, zili kwa iye kutsutsa.

Poyamba umapempha kuti aunikenso chigamulo, pasanathe masiku 30 chikufikire. Ine ndinapempha, anakana. Apa mpomwe ambiri amagwa ulesi, mnzanga wina anangosiya n'kuyamba kubweza ndalama pang'onopang'ono, mpaka lero zimandiwawa chifukwa nkhani yake inali yomveka kuposa yanga. Ine ndinapitirira ku Social Security Tribunal, bwalo lomwe linamva apilo yanga, kumenekonso masiku anali 30, ndipo sindinalipire kalikonse, sanandikakamize kukhala ndi loya.

Chinandipulumutsa ndi kakope komwe ndinkalemba malo onse ndinafunsirako ntchito, deti, dzina la kampani, anandiyankha chani, ndi maimelo omwe. Ndinafufuzanso mapeyisilipi akale oonetsa kuti zaka zam'mbuyo ndinkaphunzira masana uku ndikugwira ntchito madzulo kwa nthawi yaitali ndithu, ndiye sukuluyo sichinali chotchinga. Tinakambirana pa vidiyo, mayi amene amamva nkhaniyo anandifunsa za mau aja ndinanena pa foni, sindinakane, ndinati ndinanenadi mayi koma taonani sabata yomweyo ndinafunsira ntchito zamasana zinayi, zikanatheka kosiyo ndikanaisunthira madzulo kapena kuisiya kumene. Anandilola kulankhula mpaka kumaliza, osandidula pakamwa, chinthu chomwe pa foni paja sichinachitike.

China chomwe ndingakupempheni, musasiye kutumiza malipoti aja timatumiza ku EI masabata awiri aliwonse nthawi ya apilo ngakhale ndalama sizikubwera. Ine ndinkatumizabe ndili okwiya, ndipo chigamulo chitatuluka mondikomera ngongole ija anaifafaniza ndipo masabata onse omwe ndinapereka lipoti anandilipira.

Kosi ija ndamaliza mwezi watha, kakope kaja kadakali mu dirowa.