Maliro anayi amene ndinapepesa ku Kandy

Popeza anzanga a ku Thyolo ayamba kale kufalitsa uthenga umene ndinatumiza wonena kuti ku Sri Lanka kwagwa mliri, ndibwino ndifotokoze ndekha nkhaniyi asanaithire mchere wambiri.

Palibe amene anandiuza kuti m'dziko limenelija mwezi ukakhala wathunthu kumwamba, tsikulo limakhala la tchuthi cha boma, ndipo zimatero mwezi ndi mwezi. Tsikulo amalitcha Poya, ndipo mowa ndi nyama sizigulitsidwa. Ine ndinapita kukaphunzira za tiyi, ndipo mapepala onse amene anatipatsa ankangonena za masamba ndi makina. Choncho pa tsiku la Vesak, lomwe ndi Poya ya mwezi wa Meyi, ndinatuluka kukafuna kanyama kootcha mumzinda wa Kandy, koma ndinapeza mabucha onse ali chitsekere.

Ndikubwerera ndi njala yanga, ndinaona khamu la anthu ovala zoyera litandanda pafupi ndi tenti, amayi akupakula mpunga m'miphika ikuluikulu. Ndinali nditamvapo kuti kumeneko anthu amavala zoyera pa maliro, ndipo munthu woleredwa bwino sadutsa pasiwa ngati mbuzi yosokera. Ndinavula chipewa, ndinagwetsa nkhope, n'kukagwada pamaso pa agogo ena amene ndinawaona ngati eni zovutazo. Ndinawagwira dzanja, ndinapuma mozama, ndipo ndinanena "pepani" katatu, kamodzi m'Chingerezi ndi kawiri m'Chichewa kuti afike pamtima.

Ndili chigwadire choncho, mnyamata wina anandipatsa ayisikirimu. Maliro ndapitako ambiri, koma malamulo a ayisikirimu pasiwa sindinawaphunzirepo. Kunyambita kunkaoneka ngati chipongwe kwa omwalira, kukana kunkaoneka ngati kunyoza anamfedwa, choncho ndinangomugwira m'mwamba ngati kandulo, maso ali pansi, iye n'kumasungunuka pang'onopang'ono, kudutsa pa zala, pa wotchi, mpaka kukadontha pa chigongono. Agogo aja ankangondiyang'ana. Nditatulutsa ma rupee 500 a chipepeso, anakana ndi manja awiri uku akuseka, ndipo ine mtima unandipweteka poganiza kuti chisoni chawasokoneza mutu.

Nditayenda pang'ono ndinapeza tenti ina, kenako ina, kenako inanso, anyamata akuimitsa magalimoto ndi mbendera kuti anthu atsike adzadye. Ponseponse ndinagwada, ndinapepesa, ndipo ndinadya, chifukwa kukana chakudya cha pamaliro ndi mwano. Dzuwa litalowa ndipo nyali zamapepala zitayatsidwa pakhomo lililonse, ndinawerengera kuti maliro anayi mumsewu umodzi si chinthu china koma mliri, ndipo ndinalembera mayi a kunyumba kuti ayambe mapemphero.

Mayi amene ankatisunga ndi amene anandimasulira, atamaliza kupukuta misozi ya kuseka. Matenti aja amawatcha dansala, ndipo anthu a chipembedzo cha Chibuda amasonkha ndalama n'kugawa chakudya kwaulere kwa aliyense wodutsa monga ntchito yachifundo, kotero kuti kupereka ndalama kuli ngati kuwalanda madalitso awo. Zovala zoyera zija ndi za kukachisi.

Komabe amene akundiseka adziwe kuti pa Vesak amakumbukira zinthu zitatu, kubadwa kwa Buddha, kuunikiridwa kwake, ndiponso imfa yake. Imfa inalipo ndithu, ndipo ine ndinangochedwa kupepesa ndi zaka pafupifupi 2,500, chinthu chimene chingachitikire aliyense wochokera kutali. Komanso dziko limene limapuma pa Poya iliyonse, pa 4 Febuluwale pokumbukira ufulu wa mu 1948, pa chaka chatsopano cha Asinhala ndi Atamil mu Epulo, pa Deepavali, pa Eid ndi pa Khirisimasi, likanayenera kumapatsa alendo kalendala pa bwalo la ndege.

Amayi a kutchalitchi kwathu anasala kudya masiku awiri chifukwa cha mliriwo, ndipo mpaka lero sindinawauze. Ayisikirimu uja anali wa vanila.