Mmene ndinalimbitsira mpeni wa N690

Ine ndinazolowera kusula mipeni ya masipuling'i a galimoto, umangowotcha pamakala mpaka maginito asiye kugwira, kuviika mu oyilo, basi walimba. Ndiye nditafika ku Johannesburg nkupeza chitsulo chosachita dzimbiri cha N690, chija amapanga a Böhler ku Austria ndipo osula mipeni kuno amachikonda zedi, ndinachita zomwezo. Kuyesa ndi tupa, inangodya ngati ikudya msomali. Zinandiwawa chifukwa chitsulocho si chotchipa.

Vuto lake ndi ili, maginito amasiya kugwira pa madigiri a Celsius cha m'ma 770 pomwe N690 ili ndi chromium (yemwe amateteza chitsulo ku dzimbiri) wambiri, pafupifupi 17 peresenti, ndiye imafuna moto wa pakati pa 1030 ndi 1080 kuti kaboni asungunuke bwino m'kati, ndipo motowo ukhale pamalo amodzi osakwera osatsika, zomwe makala ndi mvukuto sangakwanitse.

Kachiwiri ndinapempha ng'anjo yamagetsi kwa mnzanga. Ndinayamba ndaboola mabowo a chigwiriro, chifukwa chikalimba drill siilowanso, ndipo kukamwa kwa mpeni ndinakusiya kokhuthala ngati milimita imodzi kuopa kupindika. Kenako kuukulunga mu foil ya stainless, kachitsulo kopyapyala ngati pepala, nkupinda m'mbali kawiri kuti mpweya usalowe, ukalowa umadya kaboni wa pamwamba nkusiya khungu lofewa. Ndinaika pa 1060 mphindi 20, kutulutsa mwachangu nkuupana pakati pa mapuleti awiri a aluminiyamu, amakoka kutentha msanga komanso mpeni umatuluka wowongoka.

Utangozizira ndinaukwirira mu dry ice, ayezi wa mpweya wa carbon dioxide, yozizira mpaka -78. Ambiri amadumpha apa koma ine sindingadumphe, chifukwa mbali ina ya chitsulo imatsala isanasinthe kukhala yolimba ndipo kuzizirako nkomwe kumamalizitsa. Apa mpeni umakhala wolimba koma wosachedwa kuthyoka ngati galasi, osayerekeza kuugwetsa. Ndiye kuti usamathyoke choncho, mu uvuni pa 180 maola awiri, kuzizira, maola enanso awiri. Uvuni wakukhitchini umanama, ikanimo thermometer yanu. Ndipo musakweze kufika m'ma 450 kapena 500, dzimbiri liyamba kugwira chitsulo chomwe munachigulira kuti chisachite dzimbiri.

Kuyeza pa makina a Rockwell, oyezera kulimba kwa chitsulo, unapereka 59. Ponola pa galaindala ndimaviika m'madzi pafupipafupi, ukangoona kabuluu kukamwa dziwa kuti pamenepo pafewa ndipo ntchito yonse ija yapita.

Mpeni umenewu ndasendera mbuzi ziwiri, ndadulira mandimu nkuusiya osatsuka usiku wonse, m'mawa mwake ulibe ndi kadontho komwe ka dzimbiri, ndipo mpaka pano ukumetabe ubweya wa padzanja.