Geti yotseka, a mlamu akufuna kudutsa m'mbali

Loweruka lapitali tinalawirira ine ndi a mlamu kukayenda kunkhalango ina kum'mawa kwa tauni ya Lusaka, cha ku Leopards Hill Road uko. Iwowa anauzidwa kuchipatala kuti aziyenda chifukwa cha BP, ndiye nkhaniyi amaitenga ngati tchalitchi, sajomba. Tafika pageti tapeza apingasa mtengo, mlonda ali phee pampando wa pulasitiki. "Pepani bwana, lero sitilowetsa munthu, kwayaka kuseriko." Utsi unkaonekadi koma patali, ngati wina akungotentha zinyalala.

A mlamu mtima m'mwamba. Akuti tatha mafuta kuchokera ku Chelstone, moto wake uli uko ife tiyenda kuno, tiyeni tingodutsa pomwe waya anaduka. Ine ndinakana ndipo mpaka pano akundiyankha mwachidule pa WhatsApp.

Vuto ndi loti iwo anakulira mtauni, ine ndinakulira ku Katete ndipo moto wa mu Seputembala ndimaudziwa. Udzu wauma kuyambira Meyi, wina wautali kuposa munthu, mphepo ikuwomba tsiku lonse, ndiye anyamata osaka mbewa angoyatsa pang'ono basi dambo lonse lapita. Moto umenewu suyenda ngati munthu ayi. Ukafika pachitunda ndiye umathamanga kwambiri chifukwa malawi amayamba aumitsa ndi kutenthetsa udzu wakumtunda usanayake, pomwe iweyo pachitunda pomwepo ndi pamene miyendo ikulemera. Kabwere kamvulumvulu kanyamule udzu woyaka nkukauponya tsidya la msewu, wapezeka uli pakati. Komanso chimayamba kukugwira ndi utsi, maso kulira, chifuwa kubanika, njira yomwe unabwerera osaionanso.

Ndiye pali timisewu ta mkatimo, tokwana galimoto imodzi. Mwaimika yanu pakona mwapita kukajambula zithunzi, thanki yamadzi idutsa pati? Ndipo ozimitsawo akamva kuti mkati muli anthu amasiya moto nkuyamba kusaka inu. Ngakhale utazima sikuti mawa lake atsegule, zitsa zimanyeka pansipansi kwa masiku, mitengo yopsa patsinde imangogwa yokha popanda mphepo.

Si ife tokha. Mu Epulo 2021 ku Cape Town moto unayaka m'mbali mwa Table Mountain, unatentha malo odyera a ku Rhodes Memorial nkutsikira ku yunivesite komwe unapsereza nyumba ya mabuku ya Jagger Library, ana asukulu anachita kusamutsidwa. Umenewo ndi mzinda wokhala ndi ma helikopita omwaza madzi. Chaka chomwecho ku California ku America, kumapeto kwa Ogasiti, anatseka nkhalango za boma lalikulu pafupifupi zonse kwa masabata awiri, ndi zomwe sizinkayaka nkomwe, poti ozimitsa anali atatanganidwa kale ndi moto waukulu wotchedwa Dixie Fire ndi wina wa Caldor Fire. Nanga ife amene timazimitsa ndi nthambi zaziwisi?

Chokhacho chimene ndimawamvera a mlamu ndi ichi, geti imatsekera ife obwera pagalimoto basi. Nkhalango zathu zili ndi khomo limodzi koma tinjira tambirimbiri, amayi otola nkhuni, ana odula njira, palibe amene amawauza kuti lero musalowe. Kumudzi ankatentha tchire msanga, cha mu Meyi kapena Juni udzu ukadali ndi chinyezi, nkulambula m'mbali mwa manda ndi nkhokwe. Kuno ambiri timakumbukira utsi utayamba kale.

Pobwerera tinakumana ndi bambo wina akukankha njinga, matumba atatu a malasha, akutulukira mbali yomweyo ya utsi. A mlamu anachepetsa liwiro nkundiyang'ana. "Nanga awo alowera geti iti?" Ndinangoti imani tifunse mtengo, kunyumba malasha atha.