Bwalo la amalume m'magalasi a VR: zomwe mamilimita 64 andiphunzitsa

Tambasulani dzanja, muloze mtengo ndi chala, diso limodzi mutatseka. Tsopano sinthani diso. Chala chija chadumpha. Kudumpha kumeneku ojambula amakutcha parallax, ndipo kwa chaka chathunthu ine ndinkalimbana nako ngati udzu m'munda.

Ndinayamba ndi zithunzi zozungulira wamba, za madigiri 360, zija munthu amazitembenuza ndi chala pa foni. Lamulo lake ndi loti kamera izungulire pa kamalo kamodzi ka m'kati mwa lenzi, kuti zinthu zapafupi ndi zakutali zisasemphane pakati pa chithunzi ichi ndi chinzake. Ukaphonya kamaloko, posokerera zithunzi mu pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Hugin, mpanda umathyoka pakati, denga limatuluka ndi mizere iwiri. Ndinakwera phiri la Kanjala m'mamawa kambirimbiri, Chipata yense ali pansi panga, mpaka msoko unasiya kuoneka.

Kenaka mnzanga anandibwereka magalasi a VR (ovala kumaso, okuonetsa ngati uli m'kati mwa chithunzi) a katoni, mtundu uja Google inatulutsa mu 2014, womwe umalowetsamo foni. Ndinaikamo chithunzi cha pa Kanjala. Chinali chokongola ndithu, koma ndinamva ngati ndaima m'kati mwa chipanda chachikulu chopakidwa utoto. Mwala wa pamapazi panga ndi mapiri a kutali, zonse zinamatirira pa khoma limodzi, chifukwa maso onse awiri ankapatsidwa chithunzi chimodzimodzi. Ubongo umadziwa chapafupi ndi chakutali poyerekeza zomwe diso lamanzere ndi lamanja aona. Charles Wheatstone anafotokoza zimenezi ku London mu 1838, ndi chipangizo chake cha akalilole. Ndiye kuti chomwe ndinakhala ndikuchotsa chija n'chomwe chimapatsa chithunzi thupi. Chofunika n'kuchisunga, koma pa muyeso wake, ndiponso chopingasa chokha.

Muyesowo ndi mpata wa pakati pa maso a munthu wamkulu, pafupifupi mamilimita 63 mpaka 65. Ndinauwerenga, koma sindinaulemekeze. Ndinabwereka kamera yachiwiri, n'kuzimangirira zonse pa thabwa limodzi mogundana. Makamera ndi onenepa, choncho malenzi anatalikirana masentimita 13. Ndinati zilibe kanthu, mwina kuya kwake kumveka bwino.

Ndinasankha bwalo la amalume, kumudzi kufupi ndi Mtenguleni. Pali nkhokwe, mtondo ndi munsi, mtengo wa mango pakati. Ndinayamba ndapempha, chifukwa chithunzi chotere sichisiya mbali; aliyense amene ali pabwalo amalowamo, ngakhale amene ali kumbuyo kwako. Patapita sabata ndinabwerera ndi magalasi aja. Amalume anavala, anatembenuka pang'onopang'ono atagwira phewa langa, kenaka anati, "Iwe, nkhokwe yangayi waichepetsa bwanji? Ikukhala ngati ya masanje."

Sananame. Nditavala ndekha ndinaona bwalo lonse lafota, mtondo ngati wa ana, ineyo ngati chimphona chosuzumira. Ubongo sudziwa kuti makamera anatalikirana. Umangoyesa kuti ndi maso ake omwe, ndiye ukaona kusiyana kowirikiza kawiri umagamula kuti zinthu ndi zazing'ono komanso zapafupi. Amalume sadziwa mawu oti parallax, koma nkhokwe anaimanga okha, ndipo anagwira cholakwacho msanga kuposa ine.

Ndinabweza kamera ya eni ake. Kalipentala wina ku Kapata anandidulira kathabwa ka mukwa, n'kuboola mabowo atatu: lapakati lomangira pa sitandi ya kamera ya miyendo itatu, ena awiri pa mamilimita 32 uku ndi uku. Tinayeza kanayi asanaboole. Tsopano ndimamanga kamera pa bowo lamanzere, n'kuzungulira bwalo lonse ndikujambula pa madigiri 15 aliwonse, zithunzi 24. Ndikatha ndimaisamutsira pa bowo lamanja, n'kubwerezanso. Zithunzi zimachuluka chonchi chifukwa kamera siilinso pakati. Pa chithunzi chilichonse ndimangotengapo kachidutswa kowonda ka pakati, popeza ndi pokhapo pomwe pamafanana ndi zomwe diso likanaona munthu atatembenukira kumeneko. Tizidutswa tikakhala totambalala, msoko umaonekera pa zinthu zapafupi. Kuwala ndi mtundu ndimazikhoma pamanja. Kamera ikamadzisankhira, diso lina limaona thambo lowala, linzake lodera.

Njira iyi imafuna dziko lokhala bata, ndipo kumudzi kulibe bata. Nkhuku inadutsa ndili pa ulendo wachiwiri, ndiye inalowa m'diso lamanja lokha. M'magalasi inkaoneka ngati mzukwa, ilipo koma palibe, maso n'kumakangana. Masamba a mango nawonso, kamphepo kakangowomba, amaphethira. N'chifukwa chake ndimajambula kukangocha, mphepo isanadzuke. Ndavomerezanso kuti Nc'wala, mwambo wa Angoni wa mu February, singajambulidwe motere. Impi zovina ngoma sizingaime kudikira zithunzi 48. Pamenepo pafunika kamera ya malenzi ambiri yojambula mbali zonse nthawi imodzi, ndipo ndalama zake ndilibe.

Cholakwa chomwe chinandipweteka mtima n'china. Achemwali anavala magalasi mphindi ziwiri zokha, anavula akufikisa m'maso, akuti mutu wayamba kuwawa. Nditafufuza ndinapeza kuti mwendo umodzi wa sitandi unatitimira mumchenga pakati pa maulendo awiri aja, ndiye chithunzi chamanja chinakwera pang'ono kuposa chamanzere. Maso athu anazolowera kusiyana kopingasa, koma kusiyana kokwera ndi kotsika amalimbana nako mpaka kutopa. Chithunzi wamba chikalakwika munthu amangochipitirira. Ichi chimalowa m'mutu mwake, n'kumudwalitsa. Kuyambira tsiku limenelo ndimaponderetsa miyendo pa njerwa, ndimaika levulo ya omanga nyumba pa kathabwa, ndipo chithunzi ndimayamba ndakhala nacho ndekha mphindi khumi ndisanapatse wina. Chinthu chilichonse choyandikira kuposa mita imodzi ndimachisuntha.

Zina n'zapafupi kuzikonza. Chithunzi cha diso lililonse chimatuluka chotambalala kawiri kuposa msinkhu wake, ndipo ziwirizo umazisanjikiza, lamanzere pamwamba. Ukazisemphanitsa, zakutali zimabwera pamphuno. Kuthambo ndi pansi penipeni kulibe manzere ndi manja okhazikika, choncho kumeneko ndimalola zithunzi ziwiri zisungunukire kukhala chimodzi. Kusaoneka bwino nako kuli ndi masamu ake: mapixel (timadontho topanga chithunzi) 4096 akagawidwa pa madigiri 360, digiri iliyonse ilandira 11 okha, ndipo m'magalasi umaona pafupifupi gawo limodzi mwa anayi. Ndikufuna kukweza, koma laputopu yanga imachedwa, magetsi akazima pakati ndiye kuyambiranso.

Loweruka lapitali ndinapita ndi chithunzi chachitatu. Amalume anavala, anakhala chete, kenaka anati, "Eya, iyi ndiye nkhokwe yanga." Anatambasula dzanja kufuna munsi. Atatero anapendeketsa thupi kuti asuzumire kuseri kwa nkhokwe, bwalo lonse n'kusuntha nawo limodzi.

"Nanga mbuzi zija zimagona kuseriku, bwanji sindikuziona?"

Ndinawauza kuti, "Amalume, chithunzichi chimalola kutembenuka kokha. Mwaima pomwe panaima kamera, simungachokepo." Anavula magalasi, anayang'ana nkhokwe yeniyeni, nati ndibwerenso ndidzaimike sitandi kuseriko, mbuzi zisanatuluke m'khola. Njerwa zitatu zija andisungira pakhonde.