Kuyenda Wapansi ndi Ana m'Mapiri a ku Cape Maclear

Ife a ku Chipata tili ndi South Luangwa pafupi, ndipo timanyadira kuti maulendo oyenda wapansi pakati pa nyama zakutchire anatchukira kumeneko m'masiku a Norman Carr, katswiri wosamalira nyama zakutchire. Koma kholo lililonse limene linapitapo ndi ana ku Mfuwe likudziwa kuti mwana wosakwana zaka 12 saloledwa kuyenda nawo maulendo amenewo, ndipo lamuloli n'labwino, chifukwa njati ndi njovu sizisankha wamkulu kapena wamng'ono. Choncho ana athu amaona tchire ali m'galimoto, osaponda pansi, osagwira khungwa la mtengo, osamva kutopa kwa chitunda. Ine ndinkafuna malo osungidwa amene banja lonse, kuyambira ambuya awo mpaka mwana wa chitsiriza, lingayende ndi miyendo yake popanda mlonda wamfuti, ndipo pa tchuthi cha Ogasiti tinawapeza kutsidya kwa malire, ku Lake Malawi National Park.

Tinanyamuka m'mamawa n'kuwoloka pa Mwami, pamene tsopano maofesi a Zambia ndi Malawi amagwirira ntchito pamodzi. Mzambia safunika viza, koma mwana aliyense akhale ndi chiphaso chake choyendera, ndipo galimoto ikhale ndi mapepala ake onse pamodzi ndi inshuwalansi yogwira ntchito ku Malawi. Kuchoka pa Mchinji tinadutsa Lilongwe ndi Dedza, kenaka tinatsika chitunda chokhotakhota cha ku Golomoti, chimene chimafuna mabuleki abwino ndi dalaivala wodekha. Tisanalowe m'tauni ya Monkey Bay tinakhotera kumanzere, mu msewu wa makilomita pafupifupi 18 wodutsa m'nkhalango ya pakiyo mpaka m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear. Mumsewu umenewu muli Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yozama imene akatswiri a miyala amati inadza chifukwa cha kuperepeseka kwa zaka zambirimbiri. Ana analowetsa zala m'mizereyo, ndipo ambuya awo anawafotokozera za mphini zimene amayi akale ankatema kumaso.

Paki imeneyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 94, ndipo ngakhale inakhazikitsidwa makamaka pofuna kuteteza nsomba, gawo lake lalikulu ndi mapiri, nkhalango ndi zilumba, pamene madzi otetezedwa ndi a mamita 100 okha kuchokera pagombe. Alendo ambiri sadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amathera tchuthi chonse pamchenga, osatembenuka kuona mapiri amene ali kumbuyo kwawo. Ndikuona kuti amataya theka la ulendo wawo.

Ulendo wathu woyamba wapansi unali wopita ku Otter Point, ndipo umenewu ndi umene ndingaulangize kwa banja lililonse. Tinatenga mnyamata wa m'mudzimo wodziwa njira, tinalipira pachipata, n'kuyamba kuyenda dzuwa lisanakwere. Pafupi ndi chipatacho pali manda a amishonale oyamba a Livingstonia, amene anafika kuno mu 1875 pa sitima ya Ilala, Robert Laws ali mmodzi wa iwo. Malungo anawathera anzawo, mmodzi mwa iwo dokotala William Black amene anamwalira mu 1877, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Mwana wanga wamkulu, amene anaphunzira za amishonale kusukulu, anaima nthawi yaitali akuwerenga zolembedwa pamandapo, kenaka anafunsa kuti, "Atate, nanga dokotala amafanso ndi malungo?" Ndinamuuza kuti pa nthawi imeneyo anthu anali asanadziwe kuti udzudzu ndi umene umafalitsa matendawa, ndipo usiku umenewo palibe amene anakangana nane pa nkhani yogona m'masikito.

Kuchokera pamenepo njira imadutsa pansi pa milambe ndi mikuyu, nyanja ikuonekera kudzanja lamanja pakati pa mitengo. Njirayi si yaitali ndipo ilibe chitunda chovuta, kotero kuti ambuya anayenda bwinobwino ndi ndodo yawo, mnyamata uja akuwadikira pa malo amiyala n'kumati, "Agogo, pondani apa, mwala uwo ngoterera." Ulemu wake unandikhudza mtima, makamaka poona kuti sanatifulumize ngakhale pamene wamng'ono anakhala pansi kuti aonerere mzere wa nyerere zonyamula chiwala chakufa. Pamwala wina panali ng'azi ikuwothera dzuwa, khungu lake la madontho achikasu likuwala, lilime likutuluka ndi kulowa, ndipo itatimva inatsetsereka n'kugwera m'madzi. Anyani analipo ambiri, ndipo ndi ozolowera anthu mopitirira muyeso. Chakudya chiyenera kukhala m'chikwama chotseka, ndipo ana auzidwe mwamphamvu kuti asawaponyere kanthu.

Pa Otter Point penipeni pali miyala ikuluikulu yolowa m'nyanja, ndipo madzi ake ndi oyera moti munthu ataimirira pamwamba amaona pansi. Akatumbu amene anapatsa malowa dzina sitinawaone, koma mbuna zinalipo zosawerengeka. Tinsomba timeneti n'tating'ono ngati chala cha munthu wamkulu, tina tabuluu tamizere yakuda, tina tachikasu, ndipo timakhala tikudya ndere za pamiyala. M'nyanjayi muli mitundu ya mbuna yoposa 350, pafupifupi yonse yosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Chifukwa chake n'chakuti mbuna sizikonda kuchoka pamiyala kukadutsa pamchenga kapena pamadzi akuya, motero gulu lililonse linakhala palokha kwa zaka zochuluka mpaka linasiyana ndi anzake maonekedwe. Mnyamata uja anationetsa imodzi yotupa kukhosi, n'kutiuza kuti ndi yaikazi imene yasunga mazira m'kamwa, ndipo imakhala osadya mpaka ana ataswa. Amake ana anaiyang'anitsitsa nsombayo kuposa tonsefe.

Tsiku lina tinakwera phiri la kumbuyo kwa mudzi, ambuya ndi wamng'ono atatsala. Apa ndinene mosabisa kuti ulendowu si wa mwana aliyense. Ana athu anazolowera kukwera Kanjala kuno kwathu, koma kumeneko njira ndi yamiyala yogubuduzika, ndipo m'mwezi wa Ogasiti mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, motero mthunzi ndi wochepa. Tinanyamula madzi ambiri, nthochi ndi mbatata yophika, ndipo tinkapuma pafupipafupi, osadikira kuti mwana adandaule. Nsapato zotseka n'zofunika; mapatapata asiyidwe kugombe. Titafika pamwamba mphepo ya mwera inatiwomba, ndipo tinaona mudzi wonse wa Chembe utatambalala m'mbali mwa gombe, chilumba cha Thumbi chili patsogolo, Domwe chakumanja, ndi mabwato akubwerera kuchokera kokapha usipa. Nkhwazi ziwiri zinkauluka m'munsi mwathu, ndipo mwana wanga anazindikira yekha kuti ndi mbalame ya pa mbendera yathu, imene anali asanaionepo yamoyo.

Pamwamba pomwepo ndi pamene munthu amamvetsa vuto la paki imeneyi. Chembe ndi mudzi waukulu wa asodzi, wozunguliridwa ndi malo otetezedwa, ndipo anthu ake amafunika nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba tsiku ndi tsiku. Potsika tinakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni, ndipo m'malo ena tinaona zitsa za mitengo yodulidwa kumene. Sindingawaweruze, popeza ifenso a ku Chipata taona mapiri athu akumetedwa chifukwa cha makala, ndipo ambirife timaphikira makala omwewo. Chimene ndikukhulupirira n'chakuti mlendo ali ndi mbali yake: alipire pachipata mosanyinyirika, atenge wotsogolera wa m'mudzimo n'kumulipira moyenera, agule chakudya kwa eni mudzi, ndipo abwerere ndi mabotolo ake apulasitiki. Mnyamata amene amadya chifukwa cha nkhalango ndi amene adzayamba kukalipira woidula.

Madzulo tinkayenda pagombe pakati pa mathandala oyanikapo usipa, ana akufunsa asodzi mafunso osatha, ndipo popeza chilankhulo ndi chimodzi, sanadzimve kuti ali m'dziko lachilendo. Kukada, nyali za asodzi zinkayaka patali pamadzi, ife tikudya nsima ya kampango.

Makolo amene akuganiza za ulendowu adziwenso kuti ku Cape Maclear kuli likodzo, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi, kumene anthu amachapa ndi kusamba ndiponso kumene nkhono zofalitsa matendawa zimakhala. Kuletsa mwana kulowa m'nyanja atayenda mtunda wonsewo n'kosatheka, choncho ife tinkasambira kumiyala, kutali ndi mabango, ndipo patapita miyezi iwiri tinapita tonse kuchipatala kukayezetsa. Mankhwala ake, a praziquantel, amapezeka kuno kwathu, koma mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu, motero mwana apatsidwe ndi a zaumoyo, osati mongoganizira kunyumba.