Tsiku limene ndinapeza onditsatira

Zonsezi zinayambira kuchipatala. Namwino atandimanga chija cha pamkono n'kuwerenga manambala, anayamba wandiyang'ana pamimba asanayankhule. "Bambo, BP yanu yakwera. Muchepetse mchere, komanso muzichita masewera olimbitsa thupi." Za mcherezo ndinangozisiya pa benchi pomwepo, munthu wokulira pa usipa wouma ine. Ndinasankha kuthamanga.

Ndinagula nsapato za pakaunjika, yakumanzere yothina pang'ono, ndi kabudula wofiira amene mayi akunyumba anati ndi wa ana a sukulu. Mphwanga anandiikira mufoni ka app kowerenga makilomita. Ndinkadzuka azana ya m'bandakucha ikangomveka kumzikiti, chifukwa kuno ku Mangochi mwezi wa Okutobala dzuwa likatuluka uli pamsewu ndiye kuti wadziwotcha wekha. Njira yanga inali imodzimodzi: kudutsa pa chipilala cha wotchi cha Queen Victoria, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, kukatembenukira tsidya lija pamene msewu umalowera ku Namwera, n'kubwerera.

Vuto linali lakuti ndinkathamanga ndekha. Mphwanga yemweyo anandionetsa kanema wa Eliud Kipchoge, m'Kenya uja anathamanga makilomita 42 ku Vienna mu 2019 maola awiri asanakwane. Ena amaona miyendo yake, ine ndinaona anthu omuperekeza, ena kutsogolo ena kumbuyo, akusinthanasinthana. Ndinati ehe, chinsinsi ndi chimenechi. Munthu sungatchuke wopanda okutsatira.

Ndinayamba ndi alamu anga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa, "Alamu, koma mukuthawa ndani?" Anzanga a pabawo anati munthu wa ana anayi sathamanga popanda chomuthamangitsa. Ndinalemba pepala n'kulimata pa golosale ya pafupi ndi kwathu, lakuti ofuna kulowa gulu la othamanga tizikumana 5 koloko m'mawa. Tsiku lachitatu ndinalipeza pepalalo atakulungira mandasi. Okhawo amene ankandilabadira anali akabaza. Aliyense akandipeza ankachepetsa liwiro: "Madala, kwagwanji? Kwerani, mudzalipira mawa." Mmodzi anachita kunditsatira mpaka pamlatho akundipepesa, poganiza kuti ndalandira uthenga wa maliro.

Loweruka lina ndikumanga zingwe za nsapato, mayi akunyumba anatulutsa mutu m'neti. "Bambo a ana, popeza kuthamanga kwanuku kumakafika kumtsinje, bwanji lero kutipindulireko? Mubwere ndi chambo." Anandipatsa ma K5,000 awiri, ine n'kuwapinda m'sokosi.

Tsidya lija ndinapeza amayi ena atayala nsomba pa thebulo, zongovuulidwa kumene, mamba akuchita kunyezimira. Tinatsitsana mtengo, ine wefuwefu, iwo osatekeseka. Anandimangira chambo ziwiri ndi mlaza kudzera pakamwa, ine n'kusolola ndalama zonyowa ndi thukuta. Anazigwira ndi nsonga za zala n'kuwerama kuti amasule mfundo ya pachitenje. Apo m'pamene ndinayang'ana pafoni n'kuona kuti ka app kaja kakuwerengabe mphindi zonse ndaimazi. Ndinabwezera mahedifoni m'makutu, kukweza nyimbo, chambo m'manja, ulendo.

Ndili pakati pa mlatho ndinacheuka. Abale anga, kumbuyo kwanga kunali anthu akuthamanga! Kutsogolo kunali mayi wachitenje, mkono m'mwamba, pambuyo pake anyamata atatu kapena anayi. Mtima wanga unangoti myaa. Ndinati pepala lija lagwira ntchito, a Mangochi adzuka. Ndinawakodola ndi dzanja lomwe linali ndi nsombalo, kuti tiyeni, tiyeni, musafooke.

Nditacheukanso anali atachuluka. Asodzi, ogulitsa nkhuni, akabaza ataimirira pa mapedulo, ana ovala malaya okhaokha, ngakhale mkulu wina wa mkanjo woyera atawukwinya mpaka m'mawondo. Pakamwa pa onse panali yasa, ine n'kumati akuimba nyimbo yolimbikitsana ngati asilikali. Chinandidabwitsa pang'ono n'chakuti ena ananyamula ndodo, koma ndinati aliyense ali ndi kathamangidwe kake. Ndinaganizanso kuti mtsogoleri wa gulu sapitiriridwa ndi ophunzira ake tsiku loyamba. Ndiye ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, mimba ikugwedera uku ndi uku, chambo zikundimenya m'ntchafu kuti phwa, phwa, phwa.

Pafupi ndi chipilala paja hedifoni imodzi inagwa m'khutu. Mawu oyamba kulowamo anali akuti, "Wakuba uyo! Mgwireni wa kabudula wofiirayo!" Ndinayang'ana kutsogolo kuti ndimuone wakubayo, mwina ndithandizeko kugwira. Kenako ndinayang'ana kabudula wanga.

Sindikudziwa amene anandipinga mwendo. Ndinangozindikira ndili chagada m'fumbi, ndikuona wotchi ya Queen Victoria mozondoka, nkhope zambirimbiri zitandizinga. Wina anandikhala pamimba ngati pa thumba la chimanga. Wina anali atayamba kale kundivula nsapato, ndipo anayambira yothina ija, zomwe ndinathokozako mumtima. Kumbuyo kwa gululo ndinamva mawu ofunsa ngati pali amene ali ndi tayala lakutha. BP imene ankanena namwino ija ndinaimva ikugunda m'makutu.

"Ndine wothamanga!" ndinakuwa.

"Taona kale zimenezo," anayankha wondikhalirayo.

Amayi a nsomba aja anafika pomaliza, atagwira pachifuwa, mpango uli m'manja. Anthu anawapatukira kuti adzamuone wakuba wawo. Anayesa kuyankhula, mpweya osalola. Anakhala pansi, wina n'kuwapatsa madzi, bwalo lonse lili chete kudikira chigamulo. Kenako anatambasula dzanja, muli ndalama zopindapinda.

"Bambo inu, chenji chanu. Ndakhala ndikukuitanani kuchokera tsidya lija."

Kunali zii. Wondikhalira uja anadzuka pang'onopang'ono n'kuyamba kundisasa fumbi, akunditchula kuti achimwene. Mkulu wa mkanjo anafunsa kuti nanga ngati sindinabe, ndimathawiranji. Ndinafotokoza za BP, za makilomita, mpaka za Kipchoge. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutembenukira kwa anzake kuyankhula m'Chiyao. Sindinamve zonse, koma onse anagwedeza mitu mwachisoni, ndipo mayi wina anati, "Pepani bambo, muchira."

Chenji chija sichinafike kunyumba. Wakabaza wina anati wathyola sipoko pondithamangitsa, amayi a nsomba nawo anafunika kubwezedwa tsidya lija pa njinga, poti miyendo inali itakana. Nsapato inapezeka imodzi. Pa mlaza panatsala mutu umodzi wa chambo, ukundiyang'ana.

Ndinalowa pakhomo chotsimphina. Mayi akunyumba anayang'ana mutuwo, anayang'ana phazi lopanda nsapato, n'kufunsa ngati ng'ona za mu Shire zayamba kulanda ndiwo pamlatho. Ndinawaonetsa foni kuti aone okha: kilomita yomalizayo ndinaithamanga mphindi zinayi ndi theka, ine amene ndinkatha zisanu ndi zitatu. Anati manambalawo ndithire mchere ndidyere nsima.

Lolemba ndinadzukanso ndi azana, nditabwereka nsapato za mphwanga. Pa chipilala ndinapeza ana asanu ndi mmodzi akundidikira. Ananditsatira mpaka tsidya ndi kubwerera, osatsalira ngakhale mmodzi, akuwomba m'manja ndi kuimba kuti, "A Chenji! A Chenji!"