Sabata ya 6: milomo ya mbalame za pabwalo panga

Kope langa latsala masamba anayi kuti lidzale, ndipo muli milomo yokhayokha. M'mawa uliwonse ndimaika lichero pansi pa mtengo wa mango, mbali ina mawere, mbali ina mpendadzuwa wosasenda, kenako n'kukhala phee pakhonde ndi pensulo. Timpheta timathamangira mawere. Mpendadzuwa timautola, kuutembenuzatembenuza, n'kuutaya. Njiwa sizivutika n'kuswa, zimangomeza. Pumbwa lichero saliyang'ana n'komwe, mtima wake uli pa mapapaya.

Koma chachikulu sabata ino n'chakuti ndakonza maganizo olakwika amene ndakhala nawo kuyambira kalekale. Ndinkayesa kuti mbalame ikamalimbana ndi njere zolimba, mlomo wake umakula, ana n'kutengera. Ayi ndithu. Zandimasula ndi zomwe akatswiri a sayansi Peter ndi Rosemary Grant anaona pa Daphne Major, kachilumba ka ku Galápagos m'nyanja ya Pacific, komwe anayamba kuyeza milomo ya mbalame mu 1973.

Mu 1977 kunagwa chilala. Njere zing'onozing'ono zofewa zinatha, kunatsala zikuluzikulu zolimba, monga zaminga za chomera cha Tribulus. Mwa mbalame zodya njere zonga mpheta, za mtundu wa Geospiza fortis, zoposa 8 pa 10 zilizonse zinafa. Zambiri mwa zopulumukazo zinali za milomo yokhuthala, yotha kuswa njere zija. Palibe mbalame imene mlomo wake unasintha. Zamilomo yaing'ono zinafa ndi njala, zotsalazo zinaswana, ndiye ana obadwa pambuyo pake anali ndi milomo yokhuthalako, pafupifupi ndi 4 pa 100. Kusiyana kochepa chonchi, koti diso langa silingakuone pa lichero, n'kumene kunalekanitsa yofa ndi yamoyo. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuganizira zimenezi, chifundo chitandigwira.

Ndiye mu 1983 mvula ya El Niño inagwa yosaneneka, njere zing'onozing'ono zinachuluka, mwayi n'kubwerera kwa zamilomo yaing'ono.

Zojambula zanga ndazisintha. Kale ndinkajambula mpheta imodzi n'kuti basi, mtundu wonse ndathana nawo. Tsopano ndikujambula iliyonse payokha, cham'mbali, kuti kukhuthala kwa mlomo kuoneke. Dzulo ndinakwanitsa zitatu zokha, chifukwa sizikhazikika. Mawa ndiwonjezera mapira pa lichero, ndione ngati zilipo zina zomwe zingawaswe anzawo akulephera.